Mkeka wa Alamu Sunama

4 Malichi

Achemwali,

Moni. Ine ndili bwino, kupatula msana umene wayamba kukangana ndi mopu. Amayi ali bwanji? Nanga mwendo wanu? Kalatayi ndapatsira Adalaivala a lole ya matabwa, poti foni yanu alamu anailanda tsiku lija anakupitikitsani. Mukamayankha muziwapatsira omwewo.

Ndiyambe ndi zomwe mukufuna kumva. Kamphepo ali bwino. Dzino lina lakutsogolo lachoka, moti akamati "sukulu" zikumveka ngati tayala likuphwa. Amakufunsani m'mawa uliwonse. Ine ndikugonabe m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya alamu, ndipo ndine ndimamuperekeza kusukulu. Tsitsi ndayesa kumuluka, aphunzitsi anafunsa ngati mwanayu wagwa mumtengo.

Ntchito imene alamu anandipezera kuyunivesite kuja ndi yokolopa m'chipinda chawo choyezera anthu. Pakati pa chipindacho pali mkeka wautali mamita sikisi, wotuwa ngati bulangete la kundende. M'kati mwake muli timawaya tomva phazi. Ukayendapo, pakompyuta pamatuluka mapazi ako, lina apa lina apo, ndi manambala: phazi ukuliponya patali bwanji, likuchedwa pansi bwanji, chala chikuloza kuti.

Mkekawo ndi watsopano. Ndiye Mayi Pulofesa, abwana a alamu, akufuna adziwe kaye ngati ndi wokhulupirika asanayambe kuyezera odwala. Akufuna anthu sikisite athanzi. Aliyense ayende lero, pakatha masabata awiri abwerenso ndi nsapato zomwezo. Manambala akafanana, mkeka ndi wabwino. Akasiyana, agula chinyalala.

Ntchito ya alamu ndi kudina batani, basi. Koma amavala chijasi choyera, anthu n'kumati Adokotala, iwo osakana. Aliyense wolowa amamulandira ndi mawu amodzi: "Munthu amanama, mkeka wanga sunama."

Tsopano mverani. Lachiwiri ndikupukuta tebulo lawo ndinaona pepala lili ndi dzina lanu, mapazi anu, ndi mzere wofiira pansi pa mwendo wakumanja. Pamwamba alembapo ndi bolopeni kuti "Khothi, 20 Meyi." Achemwali, inu munayenda liti pamkekawu?

Chinanso. Masana anthu akapita kukadya, alamu amadzitsekera m'chipindamo ndi chikwama chachikulu chobiriwira. Ndinasuzumiramo: nsapato zokhazokha, zina zachikazi. Ndiye kuti pali mkazi. Mwinanso akazi, poti masaizi ndi osiyana. Ndiwapeza ameneyo.

Ndine mlongo wanu,
Mzime

12 Malichi

Mzime,

Moni mlongo wanga. Kalata yako yafika, ndawawerengera amayi kupatula za nsapatozo. Iwo ali bwino. Dzino la Kamphepo wandisungira? Akudya? Chifuwa chija chinatha?

Za pepalalo. Munali mu Januwale, mkekawo utangofika. Anandiitana kuti ndikaone kuntchito kwake. Ndinasangalala, ndinavala diresi yabuluu ija, poti zaka seveni zonsezi anali asanandionetsepo kwa anzake. Anati, "Tayenda apa tione." Ndinayenda. Anzake awiri anali pakompyuta. Iye analoza n'kunena kuti, "Mwaona? Ndikamati kunyumba kuli mavuto, ndi amenewa." Anaseka onse. Nanenso ndinaseka, ndikanatani?

Mwendo uwu anandipeza nawo. Unathyoka ndili ndi zaka naini, iwe usanabadwe. Pondifunsira ankati ndimayenda ngati ndikuvina. Lero akufuna akauze khothi kuti makina asonyeza kuti sindingathe kuthamangira mwana atalowa pamsewu, ndiye mwana akhale ndi iye. Mwana amene ndakhala ndikumuthamangira zaka sikisi.

Za akaziwo zisiye, sizikundipweteka. Ndikufuna mwana wanga basi.

Iwe khala phee. Ndimakudziwa. Sukulu unaisiyira folomu wanu chifukwa chotsanzira kayendedwe ka Ahedi pa asembule, eni ake ali kumbuyo kwako. Kolopa, perekeza mwana, undilembere.

Achemwali ako

19 Malichi

Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Dzino ndalisunga m'kabokosi ka machesi. Chifuwa chinatha. Akudya ngati akulipidwa.

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kachitatu sindinathe. Diresi yabuluu ija, achemwali? Imene munasoka nokha? Tsiku limene ndinaiwerenga ndinakolopa chipinda chonse ndi madzi opanda sopo, osadziwa. Ndikawaona akudutsa ndi timapazi tawo ting'onoting'ono ngati ta mwana wasukulu, mopu imandiyabwa m'manja.

Mwati ndikhale phee. Pakamwa ndatseka ndithu. Koma za miyendo simunanene.

Ndaganiza chonchi. Pepala lanu lili ndi mphamvu chifukwa anthu akukhulupirira mkekawo. Mkeka ukapezeka wabodza, pepalalo ndi lokulungira mtedza basi. Alamu akuvutika kupeza anthu, poti ambiri amabwera tsiku loyamba, lachiwiri osaonekanso. Ndiye ndinapita ndi nkhope ya mwana wa kwaya, ndati, "Alamu, ndikuthandizeni kupeza anthu?" Anakondwa mpaka kundisisita paphewa. Ndabweretsa anzanga atatu: Chitsulo wowotcherera, Wometa wa pakona, ndi Amlonda a pageti. Inenso ndalembetsa. Ndine nambala 44. Chiyambire kubadwa, aka n'koyamba boma la anthu ophunzira kundilemba kuti ndine wabwinobwino.

Lero tayenda ulendo woyamba, aliyense kasanu ndi kamodzi, mwaulemu ngati tikukapereka chopereka. Tibwereranso pa 2 Epulo. Tsiku limenelo anzangawo adzaika kamwala m'nsapato. Ine sindifuna mwala, mukundidziwa. Manambala akadzatuluka, mkeka udzati ife anayi tasanduka anthu ena m'masabata awiri. Mayi Pulofesa adzati chinthuchi n'chabodza, ndipo chijasi choyera chidzada ndi manyazi.

Ndimakulemekezani, ndiye ndikukufunsani. Ndichite? Mukapanda kuyankha pofika pa 2, nditenga kuti mwagwedeza mutu.

Mzime, nambala 44

24 Malichi

Mzime,

Moni. Ndikulemba mofulumira, lole ili panja.

Usachite. Wamva? USACHITE. Sikuti ndikumumvera chisoni, ayi. Ndimafuna atagwa pamkeka wakewo n'kuthyoka miyendo yonse iwiri. Koma iwe ndiwe maso anga m'nyumba imeneyo. Akakugwira akuthamangitsa, ndiye Kamphepo atsala ndi ndani? Ndani azimuuza kuti amayi ake sanamuthawe? Wa ofesi yoona za ana anandiuza kuti ndidekhe mpaka tsiku la khothi. Chonde, chotsa miyala imeneyo m'mutu mwako.

Ndiyankhe msanga kuti wamva.

Achemwali ako

3 Epulo

Achemwali,

Moni! Amayi muwauze kuti mwana wawo wapambana mayeso koyamba. Kalata yanu sindinaione, ndiye ndadziwa kuti mwavomera koma mukuchita manyazi kulemba. Zikomo.

Dzulo linali tsiku. Ndikanakonda mukanakhalapo. Chitsulo anasankha mwala waukulu, ndati chepetsa, iye ati mwamuna saopa mwala. Anayenda ngati wapondera pamoto, thukuta kamukamu, alamu n'kumafunsa, "Muli bwinobwino, bambo?" Iye ati, "Ndimayenda chonchi Lachitatu." Amlonda anachita bwino, anangofupikitsa phazi pang'ono, munthu wamkulu amadziwa muyeso. Wometa ndiye anandidetsa nkhawa, koma tizinena tsiku lina.

Ine ndinawapatsa Ahedi athu aja. Mukuwakumbukira? Mimba patsogolo, zidendene kugunda pansi ngati akukhoma misomali, phazi lakumanja kuzungulira kaye lisanatere. Kasanu ndi kamodzi, osaphonya. Alamu sanadzutse ngakhale mutu, maso anali pafoni. Munthu woyeza kayendedwe koma sayang'ana anthu akamayenda!

Madzulo ndinamva akutukwana kompyuta. Anazimitsa, kuyatsa, kugwedeza waya, kupukuta mkeka ndi mpango wawo wa m'thumba. Kunyumba sanadye. Ine ndinadya kawiri, mbale yanga ndi yawo.

Lolemba akukaonetsa manambala kwa Mayi Pulofesa. Yambani kuchapa bulangete la Kamphepo.

Mzime wanu wanzeru

9 Epulo

Achemwali,

Moni. Kaya ndiyambire pati.

Kalata yanu ya pa 24 ndailandira lero. Lole inafera panjira, inakhala kugalaja masabata awiri, kalata ili m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi masipanala. Yafika yamafuta, koma mawu akulu aja akuwerengeka.

Atigwira. Mayi Pulofesa si alamu, amayang'ana. Ati munthu wathanzi akabwera kachiwiri amasintha pang'ono chabe, mwina sentimita imodzi kapena ziwiri. Anthu ena onse anali choncho, kupatula anayi, ndipo anayiwo anabwera ndi munthu mmodzi. Kuwonjezera apo, Wometa anaiwala kuika mwala, ndiye anangotsimphina za m'mutu. Popita ankatsimphina mwendo wakumanzere, pobwera wakumanja. Mkeka unalemba zonse. Atafunsidwa Amlonda, anaulula asanakhale n'komwe pampando.

Ntchito yatha. Alamu anandiponyera zovala panja pa mpanda, Kamphepo akuona pawindo. Anati, "Banja lonse ndi lopunduka, wina mwendo wina mutu." Anatinso akanena kukhothi kuti abale anu ndi anthu owononga. Ndikugona m'shedi ya Chitsulo, pakati pa mageti osapenta.

Kusukulu awauza kuti asandilole kufika pafupi. Dzulo ndinaima kutsidya kwa msewu. Akumuperekeza ndi mayi wina woyandikana nawo nyumba, amamukoka dzanja ngati mbuzi. Zingwe za nsapato zinali zosamanga.

Ndilibe nthabwala lero. Ndikhululukireni.

Mzime

15 Epulo

Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi ali pompano akundiyang'ana.

Ndinakupempha chinthu chimodzi. Chimodzi. Iwe unafuna anthu aseke. Aseka, eti? Tsopano mwana wanga akugona m'nyumba imene mulibe munthu wotchula dzina langa. Munthu uja wamupatsa mphatso yoti akanyamule kukhothi: onani mlongo wake, onani mtundu wawo.

Ukuti lole inachedwa. Ukanadikira. Kukhala chete kwa munthu si kuvomera, nthawi zina ndi tayala lophulika.

Usiku sindikugona, ndimangomuona akuseka ndi anzake aja. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuyendetsa pamkeka wakewo wopanda nsapato, tauni yonse ikuonera, wina akuloza ndi bolopeni. Koma ndilibe, ndipo zochepa zomwe ndinali nazo wazitaya ndi miyala.

Amayi ati udye. Ine ndilibe mawu ena. Usandilembere pokhapokha uli ndi nkhani ya mwana.

Achemwali ako

28 Epulo

Achemwali,

Moni. Musang'ambe. Iyi ndi nkhani ya mwana, ingoti yadzera kutali. Khalani pansi, amayinso akhale.

Lachinayi Amlonda anabwera kushedi, ati Mayi Pulofesa akukufuna. Ndinati basi, apolisi. Ndinabwereka malaya a Chitsulo kuti ndikamangidwe mooneka bwino.

Ndinawapeza okha m'chipinda choyezera. Ndi mayi wamfupi, magalasi pamphuno, salankhula zambiri. Anandipatsa pepala loti ndisaine kuti ife anayi tichotsedwe pamndandanda. Nditasaina anati, "Anzako atatu ndawamvetsa, ndi zitsiru wamba. Koma iwe wandisokoneza. Munthu wonamizira amasinthasintha. Iwe unayenda kasanu ndi kamodzi mofanana ndendende, ngati munthu wina weniweni. Anali ndani?"

Ndati, "Ahedi athu, Mayi."

Ati, "Ungathenso wina?"

Ndinawapatsa Amlonda. Ndinawapatsa mayi wogulitsa nthochi pageti. Kenako mutu wanga uja munaunena, ndinawapatsa iwo eni: timasitepe tifupitifupi tothamanga, ngati akuthawa mvula koma sakufuna anthu adziwe. Anavula magalasi. Ndinati ndafa. Anaseka mpaka kutsamira khoma.

Kenako ati tiyese china. Pakompyuta paja mapazi amatha kuyenda okha, opanda munthu, madontho okhaokha kutera limodzilimodzi. Anatsegula ena n'kubisa nambala ndi dzanja. "Ndani uyu?" Ndati Chitsulo, tsiku loyamba, amaponda ndi kunja kwa phazi. Zoona. Ena. Ndati sindikumudziwa, koma ndi wamtali ndipo ali ndi changu. Ati ndi wophunzira wawo, zoona. Anatsegula achitatu.

Ndati, "Awa ndi alamu."

Ati, "Waphonya. Nambala 12, mayi wa zaka sate."

Ndati, "Mayi, ndakhala kumbuyo kwa munthu ameneyu zaka seveni ndikunyamula majumbo ake. Phazi lakumanzere limaloza panja ngati likufuna kukhota lokha, ndipo lakumanja limachedwa kudzuka. Ndi alamu."

Anatsegula nambala 19, mwamuna wa zaka fifite. Alamu. Nambala 23, mtsikana. Alamu. Tinadutsa onse sikisite. Alamu ndinawapeza kakhumi ndi kamodzi. Phazi lina lalikulu, lina laling'ono, lina losongoka kutsogolo, koma kayendedwe kamodzi.

Pamenepo ndiye ndinakumbukira. Chikwama chobiriwira! Achemwali, kunalibe akazi. Ndinawanamizira alamu uhule, pepani kwa iwo. Anthu atakana kubwera, iwo ankadzitsekera masana, kuvala nsapato za kaunjika, n'kumayenda okha, ulendo woyamba ndi wachiwiri, kupeka dzina ndi zaka. Ndi timapazi tawo tija, ngakhale zachikazi zinkawakwana. Tangoganizani, chijasi choyera, nsapato zamaluwa, kupita ndi kubwera.

Mayi Pulofesa anatsegula kabati ya alamu. Chikwama chinalimo. Anatumiza Amlonda kukawaitana.

Analowa akumwetulira, ataona ine kumwetulira kunagwa. "Mayi, wakuba uyu akutani muno?" Mayi ati, "Akundithandiza. Tayendani pamkekapo." Ati, "Ine? Ine ndine woyeza." Mayi ati, "Ndinu wamkulu, ndinu wathanzi. Yendani."

Anaona chikwama patebulo. Anadziwa. Ndiye anayesa zanga. Anaumitsa miyendo ngati msilikali, kulozetsa zala zonse kutsogolo, kuponya phazi patali. Ulendo woyamba manambala anasiyanadi, anapumira m'mwamba. Mayi ati, "Bwerezani." Kachiwiri. "Bwerezani." Kutsanzira si masewera, achemwali, thupi limafuna kwawo. Kachinayi phazi lakumanzere linayamba kusuzumira panja. Kachisanu ndi chiwiri linali litakhoteratu, mwini wake thukuta mpaka m'kolala. Ophunzira anali atadzaza pakhomo. Mayi anaika mapazi awo pambali pa a mayi wa zaka sate uja, n'kuloza ndi bolopeni. Chimodzimodzi.

Munati mukufuna atayenda wina akuloza ndi bolopeni. Nsapato zokha ndiye sanavule, pepani.

Alamu ati, "Makinawa nthawi zina amalakwitsa."

Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni. Ndinaluma lilime. Koma zinatuluka zokha, ndi mawu awo omwe, ndi kakhosi kawo komwe: "Munthu amanama, mkeka wanga sunama."

Awaimitsa ntchito pomwepo, chijasi anachisiya pampando.

Tsopano za mwana. Onse atatuluka ndinawauza Mayi za inu, za diresi yabuluu, za pepala la mzere wofiira. Sanaseke. Ati munthu sayezedwa popanda kusaina chilolezo, ndipo pepalalo silinayenera kutuluka m'chipindamo. Ndinafunsa kuti, poti mkeka wapezeka kuti sunama, ndiye kuti zanu zija n'zoona? Ati, "N'zoona kuti mwendo wina umaponda mofupika. Zimenezo aliyense wamaso akuziona. Koma mkeka umayeza phazi, sudziwa kulera mwana." Alemba kalata yopita kukhothi, ya masamba awiri, ya chidindo. Ndaiika muno. Adalaivala ndawalumbiritsa kuti aisunga m'thumba la malaya, osati ndi masipanala.

Kodi ndayambanso kukhala mlongo wanu?

Mzime

6 Meyi

Mzime,

Moni mlongo wanga. Kalata zonse ziwiri zafika zouma. Amayi anandiuza kuti ndibwereze pa nsapato zamaluwa paja katatu, mpaka anatsamwa.

Sindinakukhululukire zonse. Masabata anayi mwana wanga wayenda ndi zingwe zosamanga chifukwa cha iwe. Koma ndagona tulo koyamba chichokere kumeneko.

Ndibwera pa 19 ndi lole. Kukhothi usabwere. Ndikunenetsa. Ungakaone a majisitireti akulowa, miyendo yako n'kuyamba yokha. Ukandidikire kwa Chitsulo, ndipo ukasambe.

Achemwali ako

24 Meyi

Mzime,

Moni. Tafika bwino. Pepani sitinadutse kushedi, Adalaivala anali ndi changu ndipo ine sindinafune kukhala m'tauni imeneyo ola lina ndi mwana m'manja. Uli bwanji? Ukudya?

Unamva kale kwa Amlonda kuti tapambana, koma sunamve mmene zinayendera. Alamu ako anabwera ndi pepala lake ndithu, munthu wopanda manyazi. A majisitireti anawerenga lake, anawerenga la Mayi Pulofesa, n'kumufunsa kuti, "Bambo, pakali pano mukugwira ntchito kuti?" Anayang'ana pansi. Anamufunsanso kuti mwana amavala nsapato saizi yanji. Munthu wa chikwama chodzaza nsapato, sanadziwe. Ine ndinanena saizi, ndi dzina la mankhwala a chifuwa, ndi mbali imene amagonera. Agamula kuti mwana akhale ndi ine, bambo ake azimuona patchuthi.

Kamphepo anali pabenchi kumbuyo ndi wa ofesi ya ana. Kuchokera kutsogolo kukafika pamenepo ndi mtunda ngati wa mkeka uja. Ndinali nditavala diresi yabuluu. Zaka zonsezi ndikakhala pagulu ndimayesa kubisa mwendowu, kuuponda mopepuka kuti usamveke. Tsiku limenelo sindinabise. Ndinadutsa pamaso pa munthu uja pang'onopang'ono, nsapato ikugunda simenti, gu, gu, kuti awerenge bwino sitepe iliyonse. Sanadzutse mutu.

Tsopano chinthu china, ndipo usaseke. Dzulo ndinamutuma Kamphepo kukatenga ndowa, ndikumuyang'ana kumbuyo. Phazi lakumanzere limaloza panja. Lakumanja limachedwa kudzuka. Zaka sikisi sindinazione, wandiphunzitsa kuyang'ana ndiwe. Ndinakhala pansi pakhonde, mtima unandiwawa kanthawi. Kenako anatembenuka n'kundisekerera ndi mpata wa dzino uja.

Ubwere nalo dzinolo.

Achemwali ako

1 Juni

Achemwali,

Moni kwa inu, amayi, ndi bwana wamkulu Kamphepo. Akugona bwino? Tsitsi mwalikonza, kapena akadali wogwa mumtengo?

Ine ndabwerera kuchipinda choyezera. Mopu ikadali yanga, koma Mayi Pulofesa andiwonjezera ntchito. Anthu khumi ndi mmodzi abodza aja achotsedwa, tikufuna enieni, ndipo ine ndi amene ndimakawasaka n'kuonetsetsa kuti abweranso kachiwiri. Pakhomo ndimawavula nsapato n'kuzigwedeza. Mbala yakale ndiye mlonda wabwino wa miyala, ati Mayi. Wometa anapempha kuti alembetsenso, anamukana.

Lachisanu alamu anabwera kudzatenga katundu wawo. Anawapatsa katoni ndi chikwama chobiriwira chija. Amlonda anati lamulo likuti munthu woimitsidwa aziperekezedwa mpaka pageti, ndipo iwo bondo likuwapweteka. Anandiyang'ana. Ndinatsamiritsa mopu kukhoma.

Khonde lija ndi lalitali, achemwali, mukulidziwa. Iwo patsogolo ndi nsapato zawo kumsana, ine masitepe atatu kumbuyo. Ndinangowabwezera kayendedwe kawo: lakumanzere panja, lakumanja kuchedwa, kakhosi m'mwamba. Akafulumira, ndifulumira. Akaima, ndiima. Zitseko zinayamba kutseguka. Anzawo awiri aja amene anakusekani anatuluka, anaona, ndipo ndikukhulupirira anaseka kuposa tsiku lija, poti anthu otere amaseka aliyense amene wagwa. Pamasitepe alamu anayesa kuwongola phazi, n'kupunthwa, chikwama kutseguka. Nsapato yamaluwa inagubuduka mpaka pansi. Ndinaitola, kuipukuta pamalaya, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Ndati, "Mwataya, Mayi nambala 12."

Pageti ndinawatsazika mwaulemu wonse.

Kalata yanu ya pa 24 ndinaipeza madzulo ake. Sindinaseke. Zoti Kamphepo amayenda choncho ndinaziona kalekale, pomuperekeza kusukulu, kungoti sindinafune kukuuzani.

Chitsulo ndi Wometa akundikakamiza kuti ndiwaonetse za pakhonde zija, ati anthu a pamsika asonkhana Loweruka. Ndakana. Ndawauza kuti Ahedi alipo, Amlonda alipo, ngakhale Mayi Pulofesa alipo akalonjeza kusaulula. Koma kayendedwe kaja ndinakagwiritsa ntchito komaliza Lachisanu. Kali ndi mwini wake wina tsopano, ndipo aliyense wokaseka adzaonana ndi ine.

Dzino ndibwera nalo ndekha mwezi ukatha. Lole sindikuikhulupirira.

Mlongo wanu,
Mzime